Nanga sikelo yoyezera mphamvu ya roketi amaiyeza ndi chani?

Aliyense amene anagulitsapo soya kapena mtedza kwa mavenda akudziwa mmene mtima umachitira thumba likapachikidwa pa sikelo. Kunyumba unayeza 50, apa muvi waima pa 46, ndiye funso limangobwera lokha, kodi sikelo imeneyi anaiyeza ndani? Yankho lake silovuta, a Malawi Bureau of Standards ali ndi miyala yawo yachitsulo yodziwika bwino kulemera kwake, amaiika pa sikelo, ngati sikeloyo ikunama zimaonekera pompo. Ngakhale masikelo apamsewu oyezera malole aja njira yake ndi yomweyo, kungoti miyala yake imakhala ikuluikulu yofuna kireni.

Tsopano taganizani izi. Roketi ya Saturn V imene inatenga anthu kupita kumwezi mu 1969 inali ndi mainjini asanu a F-1, iliyonse ikukankha ndi mphamvu pafupifupi mapaundi 1.5 miliyoni (paundi imodzi ndi kulemera kochepera pang'ono theka la kilogalamu). Roketi ina ya ku America yotchedwa SLS imene inanyamuka pa 16 November 2022 inakankha ndi mapaundi 8.8 miliyoni. Manambala amenewa sangolota ayi, injini amaimangirira pa choimikira n'kuiyatsa, kumbuyo kwake kuli chida chowerenga mphamvuyo. Chimodzimodzi zingwe za milatho ikuluikulu, zitsulo zimene mlatho umatsamirapo pamwamba pa nsanamira, maunyolo omangira nsanja zokumbira mafuta panyanja, zonsezi amazikoka kapena kuzipsinja ndi makina amene amanena kuti apa tafika pa mphamvu yakuti. Ndiye makina amenewowo, mwala wake owayezera uli kuti? Apa mpamene pagona nkhani, ndipo ine imandikhudza chifukwa anthu amakwera milathoyi ndi ndegezi ali ndi chikhulupiriro chonse pa nambala imene sanaionepo.

Tiyambe ndi muyezo wake. Mphamvu amaiyeza mu ma newton. Paketi ya shuga ya 1 kg ukaiika padzanja imakanikiza ndi ma newton pafupifupi 9.8, thumba la chimanga la 50 kg ndi ma newton 490 kapena apo. Ma newton 1,000 ndi kN imodzi, ma newton 1 miliyoni ndi MN imodzi, zomwe ndi ngati matani 102 atakukhalira pamwamba. SLS ija ndiye kuti ndi 39 MN.

Njira yodalirika kuposa zonse yopangira mphamvu yodziwika ndi yakale ija, kupachika zitsulo zodziwika kulemera basi, dziko lizikoke. Makina oterewa azungu amawatcha deadweight machine, ine ndingowatcha makina a miyala. Aakulu kuposa onse padziko lapansi ali ku Gaithersburg, m'chigawo cha Maryland ku America, ku bungwe la miyezo la dzikolo lotchedwa NIST, ndipo anamangidwa mu 1965. Amafika mapaundi 1 miliyoni, yomwe ndi 4.45 MN, kapena tinene matani pafupifupi 454, matumba a chimanga opitirira 9,000. Miyala yake ndi zimbale za stainless steel zotambalala pafupifupi mamita 3, chimbale chimodzi matani oposa 22, zosanjikizana kutsika m'nyumba ya nsanjika zitatu. Zimbalezi ndi zolumikizana ngati unyolo. Chida chofuna kuyezedwa amachiika pamwamba penipeni, jeke ya mafuta imachikweza pang'onopang'ono, chidacho chimanyamula kaye felemu imene payokha imapereka mapaundi 50,000 oyamba, jeke ikakwezanso felemu ija imadzutsa chimbale choyamba, choyamba chimadzutsa chachiwiri, choncho choncho mpaka zimbale zonse 19 zili lendelende m'malere, kulemera konseko kukudutsa pa kachida kamodzi koti mwina n'kocheperako kuposa ndowa yamadzi.

Chimene chimandigometsa ndi kuchepa kwa chikayiko chake. Anthu a ntchitoyi satchula nambala popanda kunena malire a chikayiko, kutanthauza kuti nambalayi ingaphonye ndi zochuluka bwanji. Pa makina a NIST chikayikocho chili cha m'ma 0.0005 peresenti. Pa matani 454 amenewo ndi makilogalamu awiri ndi kapang'ono, mapaketi awiri a shuga pa malole 15 a matani 30.

Koma kuti ufike pamenepo sumangounjika zitsulo. Choyamba, chimbale chilichonse chiyenera kudziwika kulemera kwake kuchokera ku kilogalamu yeniyeni, ndipo amachita kukwera makwerero, kuyerekeza 1 kg ndi miyala ina, miyala imeneyo kuiphatikiza kuyezera yokulirapo, mpaka kufika pa matani, ndipo pa khwerero lililonse kachikayiko kamaonjezekera. Kilogalamuyo kuyambira 1889 inali kachitsulo kosungidwa ku Sèvres pafupi ndi Paris, mpaka pa 20 May 2019 pamene anasintha n'kuimangirira pa nambala yosasintha ya m'chilengedwe imene asayansi amaitcha ya Planck. Chachiwiri, dziko silikoka mofanana paliponse. Ku equator limakoka ndi 9.78 pomwe kunsonga za dziko kozizira kuja ndi 9.83, kusiyana kwa theka la peresenti. Ku Gaithersburg ndi pafupifupi 9.80, ku Lilongwe kuno poti tili pafupi ndi equator komanso pamtunda ndi cha m'ma 9.78, ndiye mutati munyamule zimbale zomwezo kudzazipachika kuno mphamvu yake ingatsike ndi pafupifupi tani yathunthu, zitsulo zake zomwezo osachotsapo kanthu. Choncho amayenera kuyeza kukoka kwa dziko pamalo pomwe pali makinawo, ndipo ngakhale m'nyumba momwemo chimbale chapamwamba ndi chapansi sizikokedwa mofanana ndendende, mita iliyonse imene wakwera kukokako kumachepa ndi magawo 3 pa 10 miliyoni.

Chachitatu ndi mpweya, ichi ambiri sitichiganizira. Mukalowetsa chigubu m'madzi chimapepuka, eti? Mpweya nawo umachita zomwezo kungoti pang'ono. Mpweya wodzadza bokosi la mita imodzi mbali zonse umalemera 1.2 kg pomwe chitsulo chodzadza bokosi lomwelo ndi pafupifupi matani 8, ndiye mpweya umanyamulako magawo 150 pa miliyoni. Zikuoneka zochepa koma pa matani 454 ndi makilogalamu pafupifupi 68, kuposa thumba la chimanga, pomwe chikayiko chonse tanena chija ndi mapaketi awiri a shuga. Ndipo mpweya umasintha ndi nyengo, lero kwatentha mawa kwachita chinyezi, n'chifukwa chake m'chipindamo amawerenga kutentha, chinyezi ndi kupanikiza kwa mpweya n'kuziika mu masamu.

Zitsulo nazo zimatopa. Cha m'ma 2014 a NIST anaphwasula makina aja koyamba chimangireni, chifukwa pamalo pamene zimbale zimagwirana chitsulo chinayamba kudyana, stainless steel ili ndi khalidwe limenelo loti ikamakhuzana yokhayokha mopanikizika imamatirirana n'kumasupulana. Chimbale chikapanda kukhala bwino pampando wake chimapendekeka, ndiye mphamvu siitsikanso molunjika. Anazitulutsa chimodzichimodzi ndi kireni, kukonza malo ogwiranawo, kuziyezanso kulemera poti ukapala chitsulo wachotsapo kulemera, n'kuzibwezera, makinawo anayambanso ntchito mu 2016.

Nanga chida chimene chimayezedwacho ndi chotani? Kale ankagwiritsa kwambiri mphete yachitsulo yotchedwa proving ring, imene Whittemore ndi Petrenko anapanga ku bungwe lomweli m'ma 1920 lidakali ndi dzina loti National Bureau of Standards, ukaipsinja imaphwatalala pang'ono ndiye umayeza kuphwatalalako. Masiku ano ndi load cell. Ndi chigulumwa chachitsulo cholimba chimene amamatapo timawaya topyapyala kwambiri totchedwa strain gauge, timene Edward Simmons ndi Arthur Ruge anatulukira aliyense payekha mu 1938. Chitsulo chikapsinjika chimafupika pang'ono poti diso silingaone, timawaya tija timafupika nacho, kayendedwe ka magetsi m'menemo kamasintha, ndipo kusinthako ndi kochepetsetsa, kawirikawiri ma millivolt 2 pa volt iliyonse, kutanthauza magawo 2 pa 1,000, pamene chida chanyamula katundu wake wonse. Load cell payokha siidziwa newton ndi chani. Imangotulutsa timagetsi. Makina a miyala aja ndi amene amaiphunzitsa kuti timagetsi takuti ndi mphamvu yakuti, kenako imanyamulidwa m'bokosi kupita kukayezera makina ena kumafakitale ndi kumalabu.

Tsopano vuto lenileni ndi ili, miyala imathera pa 4.45 MN. Ku Germany bungwe la miyezo la PTB ku Braunschweig makina awo aakulu a miyala ndi a 2 MN, ku Britain a NPL ku Teddington ndi 1.2 MN. Kumanga oposa pamenepo ndi ndalama zoopsa, maziko ake, chitsulo chake, nyumba yake. Koma ntchito zikufuna 10, 30 mpaka 50 MN. Kuyambira pamene miyala yathera kupita m'tsogolo nambala iliyonse ndi yobwereka, imachita kukuzidwa kuchokera ku yaing'ono imene tikuidziwa, ndipo nkhani yonse yowongola kulondola kwa makina akuluakulu ndi yoonetsetsa kuti pokuzapo sipakulowa bodza.

Njira yoyamba ndi ya mtanda wotsamira, ngati mmene umatukulira mwala ndi mgwala, mwala waung'ono kumbali yaitali umapereka mphamvu kuchulukitsa mwina ka 10 kumbali yaifupi. Koma mtandawo ukalemedwa umapindika pang'ono ndipo potsamira pake pamadyeka, ndiye ka 10 kaja sikakhalanso 10 ndendende.

Yachiwiri ndi ya mafuta, nzeru yomwe ija ya jeke yagalimoto. Miyala imakanikiza pisitoni yaing'ono, mafuta amatenga kupanikizako kupita ku pisitoni yaikulu, ngati nkhope ya yaikuluyo ndi yotambalala ka 1,000 kuposa yaing'ono mphamvunso imachuluka ka 1,000. Kuti pisitoni isagwire m'mbali amaisiya yopanda labala yotsekera, mafuta amadontha dala pakampata kopyapyala ndipo mbali imodzi amaizunguza nthawi zonse kuti kukhuzana kuchepe. Makina a PTB a 16.5 MN ndi a mtundu umenewu. Vuto lake ndi loti mafuta akapanikizika kwambiri silinda imafufuma pang'ono, pisitoni imafinyika, kutambalala kuja kumasintha, kutentha kwa mafuta nakonso kumalowererapo. N'chifukwa chake chikayiko cha makina amenewa chili cha m'ma 0.01 peresenti pomwe a miyala a 2 MN pa bungwe lomwelo ndi 0.002 peresenti. Njira yowawongolera ndi kutenga load cell yabwino, kuiyeza pa miyala, kuiyezanso pa makina a mafuta pa mphamvu zimene makina onse awiri amafika, kusiyana kumene kwapezeka n'kumene kumasonyeza mmene pisitoni ikusinthira.

Yachitatu ndi imene imandisangalatsa kwambiri chifukwa mayi aliyense wophika pa nkhuni akuidziwa kale. Mphika umakhala pa mafuwa atatu, sugwedera ngakhale pansi pakhale posasalala, pomwe mafuwa akakhala anayi limodzi limangokhala osanyamula kanthu. Ndiye amatenga ma load cell atatu, iliyonse yoyezedwa payokha pa makina odalirika, n'kuwaimika ngati mafuwa pakati pa mbale ziwiri zachitsulo zochindikala. Atatu a 10 MN pamodzi anyamula 30 MN, ndipo ukaphatikiza zimene aliyense akuwerenga wapeza mphamvu yonse. Amaitcha build-up system. Makina a NPL a 30 MN amadalira njira yofanizira ndi ma load cell imeneyi, ndipo ku Fujian ku China kuli makina a mtunduwu ofika 60 MN.

Pa pepala masamu ake ndi a sitandade 2, koma pachitsulo zimakana. Load cell ija pamene ankaiyeza yokha mphamvu inkalowa pakati penipeni molunjika kutsika pansi. Tsopano yakhala pansi pa mbale limodzi ndi anzake awiri, katundu akulowa pakati pa mbaleyo, mbale ngakhale ichindikale bwanji imapindika pang'ono ngati mbale ya nsima yaikidwa mwala pakati, ndiye mafuwa aja amakankhidwira kunja, mitu yawo imapendekeka. Load cell ikalandira mphamvu yam'mbali kapena yopinda imawerenga molakwika, ndipo poti onse atatu akupendekeka mofanana kulakwitsako sikufafanizana, kumaphatikizana. Apa mpamene akatswiri athera nthawi yambiri. Pakati pa 2013 ndi 2016 mabungwe a miyezo a ku Ulaya motsogozedwa ndi PTB anachita ntchito yapamodzi yofufuza zimenezi mpaka pa 50 MN, kuona mmene mbale ziyenera kuumbidwira, mmene mitu ya ma load cell iyenera kukhalira kuti izitha kudziwongola yokha, komanso kupeza masamu oti ukayeza gulu la mafuwali pa mphamvu imene makina odalirika amafika uzitha kudziwa ndi chikayiko chowerengeka mmene lichitire pamwamba pomwe palibe chofanizira. Ena amamata ma strain gauge oonjezera ongowerenga kupindikako kuti adziwe kuchuluka kwake n'kukuchotsera.

Zambiri zimene zimawongola kulondola si makina atsopano, ndi mwambo wa kagwiridwe ka ntchito, ndipo unalembedwa mu muyezo wa ISO 376, ku America amatsatiranso ASTM E74. Musanayambe kuwerenga mumaipsinja kaye load cell mpaka pamapeto katatu kuti chitsulo ndi zolumikizira zikhazikike. Kenako mumakwera mphamvu pang'onopang'ono, malo osachepera 8, kawiri ili malo amodzi. Mukatero mumaizunguza madigiri 120 n'kubwerezanso, kenako 240. Kuzunguzaku n'kofunika kwambiri, chifukwa palibe makina owongoka kotheratu ndipo palibe load cell yofanana mbali zonse, ndiye zimene ikuwerenga zimasintha pang'ono malinga ndi kumene yayang'ana, mukatenga pakatikati pa malo atatuwo kupendekeka kwambiri kumafafanizika, ndipo kusiyana kwa manambala atatuwo kumakuuzani ubwino wa chidacho. Palinso nkhani ya nthawi. Chitsulo ndi guluu womatira ma gauge zimapitiriza kusuntha pang'onopang'ono katundu atakhala kale, amati creep, ndiye nambala ya pa masekondi 30 si yomweyo ya pa masekondi 300, ndipo muyezowo umati muziyeza kusiyana kumeneko. Pa makina akuluakulu izi zimavutirapo chifukwa kufika pa 20 MN kumatenga nthawi kusiyana ndi pa makina aang'ono, choncho ma labu awiri akafuna kufananiza zotsatira amagwirizaniratu nthawi yeniyeni yokwezera ndi yodikira. Komanso nambala ya pokwera imasiyana ndi ya potsika pa mphamvu yomweyo, chitsulo chimakhala ngati chikukumbukira kumene chachokera. Kutentha m'chipinda kuyenera kukhala pakati pa madigiri 18 ndi 28 osasintha kuposa digiri imodzi ntchito ili mkati. Pomaliza chida chimapatsidwa kalasi, 00 ndiyo yapamwamba, kenako 0.5, 1 ndi 2, ndipo satifiketi yake siipitirira miyezi 26.

Ndipo palibe dziko limene limangodzikhulupirira lokha. Kuyambira pa mgwirizano wa mu 1999 mabungwe a miyezo amatumizirana ma load cell omwewo, amayezedwa ku labu yotsogolera, kupita kudziko lina, kubwereranso kuti aone ngati sanasinthe pa ulendo, kenako kwina. Kufananiza kwa pa 2 MN ndi 4 MN anatsogolera ndi a NIST chifukwa cha zimbale zija. Labu imene nambala yake yapatuka kuposa chikayiko chimene inalonjeza imabwerera kukafufuza makina ake.

Mwina wina anena kuti ife tilibe roketi ndiye zikutikhudza pati. Ndinaimapo m'labu ina yoyezera konkire ndikuonerera. Pomanga nyumba yosanja kapena mlatho amatapa konkire n'kuumba timabokosi ta mamilimita 150 mbali zonse, timakhala m'madzi, pa tsiku la 28 amatitulutsa kukatiphwanya. Mnyamata wa pa makina anapukuta kabokosi kamodzi ndi chiguduli, anasesa tizidutswa totsalira pa mbale yapansi, anakaika pakati penipeni pa timizere tojambulidwa, n'kutseka kachitseko ka waya. Pampu inayamba kulira, manambala akukwera, 200, 350, 500, kenako m'mbali mwa kabokosi munayamba kuthetheka, nambala inaima n'kuyamba kutsika. Konkire ya 25 MPa, kutanthauza yopirira ma newton 25 pa kamalo kalikonse ka milimita imodzi mulitali ndi mulifupi, pa kabokosi kotere iyenera kupirira 562.5 kN isanasweke, matani oposa 57 pa kanthu koti umanyamula ndi manja awiri. Injiniya amatenga nambala imeneyo n'kusaina kuti pitirizani kumanga, kapena gumulani. Ngati makinawo akuwerenga mopitirira ndi 5 peresenti, konkire yofooka imakhoza mayeso ndipo palibe amene angadziwe poiyang'ana. Ngati akuwerenga mochepera, kontilakita wosalakwa amagumula nsanamira yabwinobwino ndi ndalama zake.

Makina ophwanyira konkirewa ambiri amafika 2,000 kN, yomwe ndi 2 MN, yofanana ndi mathero a miyala ya ku Braunschweig. Muyezo wa ISO 7500-1 umati makina oyesera a kalasi 1 asaphonye kuposa 1 peresenti ndipo umalangiza kuti aziyezedwanso pasanapitirire miyezi 12. Woyeza amabwera ndi load cell m'bokosi, amaiika pamalo pa kabokosi ka konkire kaja, n'kufananiza zimene makina akunena ndi zimene load cell ikunena. Load cell yakeyo ili ndi satifiketi yochokera ku labu ina, m'chigawo chathu chino zambiri zimalozera ku NMISA, bungwe la miyezo la ku South Africa limene lili ku Pretoria, ndipo labu imeneyo nayo inafananiza makina ake ndi a mayiko ena. Ndiye amene mukumangitsa ndipo akubweretserani pepala la zotsatira za konkire, muli ndi ufulu wopempha kuona satifiketi ya makina amene anaphwanyirawo, muone deti lake, muonenso nambala ya load cell imene anayezera ndi labu imene inaipatsa kalasi.